Kalulu asanalowe pakhomo: zoti mukonzeretu muno mu Harare

Kalulu wathu woyamba adatha nafe masiku 11 okha. Mdzukulu wanga adaona akalulu ku chionetsero cha zaulimi chija chimachitikira ku Exhibition Park kumapeto kwa Ogasiti, ndipo kuyambira tsiku limenelo pakhomo padalibe mtendere. "Agogo, mundigulire tsuro," m'mawa, masana, usiku. Ana athu a kuno ku Mufakose Chichewa chawo chimatuluka chitathiridwa kale Chishona. Mu Okutobala ndidagonja. Ndidagula kamwana koyera kwa bambo wina wa ku Kuwadzana, n'kukaika m'bokosi lamatabwa, pamwamba lata, kukhoma lolowera dzuwa. Lamulungu lina tikuchokera ku tchalitchi tidakapeza katagona cham'mbali, makutu ali psuu, kakupumira kukamwa. Pofika madzulo kadali katapita. Sikadafe ndi matenda ayi. Ndidakaphika ndine ndi lata lija.

Pano tili ndi awiri, atha nafe zaka 4. Zambiri zimene ndilembe apa n'zoti muchite kalulu asanafike, chifukwa akafika sapereka mpata woti muziphunzirira pa iye.

Yambani ndi kukambirana pakhomo

Kalulu wosamalidwa bwino amakhala zaka 8 mpaka 12. Mwana wa Giredi 3 amene akulira lero adzakhala akulemba mayeso a Fomu 4 kaluluyo akadali moyo, ndipo chidwi cha mwana chimatha msanga kuposa pamenepo. Choncho pakhale wamkulu mmodzi amene avomere kuti ntchitoyi ndi yake. Walira mvula walira matope: kusesa ndowe, kumweta udzu ndi kutsuka mbale ndi za tsiku ndi tsiku.

Ngati ndinu aloja, pemphani kaye kwa eni nyumba. Ndipo mawu amveke kwa onse a pakhomo, amalume obwera kudzacheza omwe, kuti uyu si ndiwo. Musaseke. Kwathu kalulu timamudziwira mu mphika ndi m'nthano, ndiye mlendo akamuona wanenepa amayamba kufunsa za Khirisimasi.

Funso lina ndi la Disembala. Ambiri a ife timakwera basi ya ku Nyamapanda, kudutsa ku Tete kupita kumudzi, n'kukatha masabata atatu. Kalulu sangatsale ndi mulu wa chakudya ngati nkhuku zoyenda zokha, ndipo chiweto sichidutsa pachipata cha dziko popanda mapepala a vetenale. Pezeranitu woti azidzamuona kawiri pa tsiku.

Mudziwenso kuti amene mukugulayu si kalulu wa m'tchire uja wa m'nthano zathu. Wa m'tchire amayenda yekha, amagona pamtetete, ndipo ana ake amabadwa ndi ubweya, maso ali otsekula. Woweta makolo ake adachokera ku Spain ndi Portugal, kumene amakumba mauna pansi n'kumakhala m'magulu. Ana ake amabadwa opanda ubweya, osaona. Ziwirizi sizingaberekane n'komwe. Mukamvetsa zimenezi mwamvetsa zofuna zake: pobisala pamdima ndi pozizira ngati mu una, pokumba, ndi mnzake. Kalulu wokhala yekha amasungulumwa mpaka kuyamba kuluma waya tsiku lonse. Ngati thumba likulola, konzekerani awiri.

Mangani khola, koma muyambe mwasankha mthunzi

Musanagule ngakhale msomali umodzi, tengani tsiku limodzi muone mmene dzuwa limayendera pabwalo panu. Pamene pali mthunzi 8 koloko m'mawa si pamene pali mthunzi 3 koloko masana. Kalulu satuluka thukuta ngati ife, amatayira kutentha m'makutu, ndipo thupi lake limayamba kuvutika kutentha kukayandikira madigiri 30. Mu Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe, Harare imafika pamenepo, ndipo pansi pa lata pamaposa kutali. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi sikumuopsa kwenikweni malinga akhale pouma, potchingika mphepo, ali ndi udzu wambiri wofunda. Choopsa ndi dzuwa. Pansi pa mtengo wa mango kapena wa mabulosi, kapena kukhoma la kumwera kwa nyumba, ndiwo malo abwino. Pansi pa mtengo wa mapeyala pewanipo, chifukwa masamba ndi zipatso zake ndi poizoni kwa kalulu.

Makola amene amagulitsidwa m'mbali mwa misewu ndi ku msika wa Siyaso ambiri adapangidwira akalulu a nyama, amene amaphedwa akangotha miyezi itatu kapena inayi. M'kabokosi kotero chiweto cha zaka 10 sichingakhalemo. Akatswiri a za akalulu ku Britain amanena kuti awiri afunika malo a mamita 3 mulitali, 2 mulifupi ndi mita imodzi kupita m'mwamba. Ndikudziwa kuti m'mayadi athu a ku Mbare kapena ku Mabvuku malo otero ndi ovuta, pali kale dimba la covo (ndiwo zamasamba zonga repu), chingwe cha zovala ndi tanki ya madzi. Muyeso wochepetsetsa ndi uwu: athe kudumpha katatu motsatizana, kuimirira ndi miyendo yakumbuyo makutu osagunda denga, ndi kugona atadziwongola. Kenaka pakhale kampanda kolumikizana ndi khola koti azithamangamo m'mawa ndi madzulo, pakuti nthawi zake zosewera ndi zimenezo. Masana amangogona.

Pouza kalipentala, nenetsani zinthu izi. Waya akhale wolimba, wowotcherera uja wa timabowo ting'onoting'ono. Waya wa nkhuku kalulu amamudula ndi mano, galu amamung'amba ndi dzanja limodzi, ndipo khoswe ndi njoka zimalowa m'mabowo mwake. Pansi pasakhale waya yekhayekha. Mapazi a kalulu alibe zikhatho zofewa ngati za galu kapena mphaka, ndi ubweya wokha, ndiye pawaya amachita zilonda. Ikani thabwa kapena simenti, pamwamba udzu. Denga likakhala la lata, yalani udzu wofolera kapena matabwa pamwamba pake, ndipo litalikirane ndi mutu wa kalulu kuti mphepo izidutsa. M'katimo muikemo kabokosi kobisalamo ka makomo awiri. Nyama yosakidwa simakhulupirira nyumba ya khomo limodzi. Matabwa akhale osapaka mankhwala a chiswe, chifukwa adzawatafuna ndithu. Pansi pa kampanda kwirirani waya kapena yalani njerwa m'mbali, apo ayi mudzamupeza m'dimba la aneba. Pachitseko loko, osati kawaya kokhota. Adani a miyendo iwiri aliponso.

Nyengo ya mvula linthumbu likhoza kupha kalulu usiku umodzi. Miyendo ya khola muiike m'zitini za madzi kapena muwaze phulusa mozungulira.

Ena amakonda kumusunga m'nyumba, ndipo zimatheka, pakuti kalulu amasankha ngodya imodzi yodzithandizira. Ikani beseni pamenepo, pansi nyuzipepala, pamwamba udzu wouma, azolowera yekha. Koma gwadani pansi muone nyumba yanu ndi maso ake. Chingwe cha tchaja, cha wailesi, cha sola chopita ku batire, zonse kwa iye ndi mizu yofunika kudula. Zikwezeni kapena muzilowetse m'mapaipi. Simenti yopaka polishi wofiira imamutereretsa mpaka kudzipweteka msana, choncho yalani mkeka kapena chiguduli. Mankhwala a makoswe ndi a mphemvu achoke pansi.

Sonkhanitsani udzu

Apa ndi pamene ambiri timalakwira, chifukwa zithunzi zidatinamiza kuti kalulu amadya karoti. Chakudya cha kalulu ndi udzu. Pa magawo 10 a zimene amadya, 8 kapena kuposa akhale udzu, wouma kapena wauwisi, ndipo usamathe m'khola usana ndi usiku. Tsiku lililonse mulu wofanana ndi thupi lake.

Zifukwa zake ndi ziwiri. Kalulu ali ndi mano 28 ndipo onse amakula moyo wake wonse, akutsogolo mamilimita 2 kapena 3 pa sabata. Chimene chimawaperesa ndi kutafuna udzu maola ambiri. Akasowa udzu, mano am'mbali amasongoka n'kumacheka lilime ndi masaya, kalulu n'kuyamba kuchucha dovu ndi kukana kudya. Chachiwiri ndi matumbo. Amafuna kuti muzidutsa zinthu nthawi zonse, ndipo akaima, mimba imadzaza mpweya, kalulu n'kufa m'tsiku limodzi kapena awiri.

Nthawi yabwino yomweta ndi Epulo ndi Meyi, mvula itangosiya, udzu usanaumiretu n'kusanduka mapesi ndiponso moto wolusa usanayambe. Yanikani mpaka uume bwino koma ukadali wobiriwirako, mangani mitolo, sungani pamwamba pouma. Wonunkha nkhungu tayani. Amene mulibe pomweta, mabelo a udzu wa Rhodes amapezeka kumene amagulitsa zakudya za mahatchi ndi ng'ombe, ndipo belo limodzi limatha nthawi yaitali pa akalulu awiri. Samalani pomweta. Madambo athu ambiri, m'mbali mwa mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, mumadutsa madzi a zonyansa, ndipo m'timinda ta chimanga ta m'tauni anthu masiku ano amapopera mankhwala opha udzu. Wa m'mphepete mwa msewu waukulu uli ndi utsi ndi mikodzo ya agalu. Udzu wodula ndi makina otchetchera kapinga musampatse. Umasasa msanga n'kutupitsa mimba. Womweta ndi chikwakwa ndiye wabwino.

Pamwamba pa udzu, masamba auwisi odzaza manja awiri pa tsiku, a mitundu itatu kapena inayi. Apa ife ndi amwayi, chifukwa zimene timazula m'dimba ngati tchire ndizo amazikonda: chisoso, mwamunaaligone, kholowa, masamba a mabulosi, masamba a karoti. Covo, repu ndi kabichi zipatseni pang'ono posakaniza ndi zina, osati zokhazokha. Bonongwe mwa apo ndi apo. Zotsala za ku Mbare Musika zimathandiza, koma sankhani, tsukani, ziume madzi. Zofota ndi zoyamba kuola zisiyeni konko. Karoti weniweniyo, nthochi ndi apozi ndi switi, kachidutswa kofanana ndi chala chachikulu kawiri pa sabata.

Zoletsedwa: mapeyala, anyezi, adyo, masamba a mbatatesi ndi a tomato, chigwada, nsatsi, ndi maluwa aja a lantana ndi oleander amene ali m'mipanda yambiri ya muno. Nsima yotsala, buledi, mpunga ndi chimanga n'zosayenera ngakhale amazilandira mokondwa. Chakudya cha nkhuku za broiler musayese n'komwe, china chimakhala ndi mankhwala amene amapha akalulu.

Mapeleti a akalulu, chakudya chogula cha timibulu, amapezeka m'masitolo a zaulimi, a National Foods, Agrifoods ndi ena. Kumbukirani kuti adapangidwira kunenepetsa. Kalulu wamkulu wa pakhomo amukwanira magalamu pafupifupi 25 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Mukamudzazira mbale amasiya udzu, ndiye mwabwerera ku vuto la mano lija. Wamng'ono wosakwana miyezi 6 angadye ochulukirapo popeza akukula.

Madzi akhalepo nthawi zonse, m'mbale yolemera yadothi kapena yasimenti imene sangaigubuduze. Kalulu wa makilogalamu 2 akhoza kumwa kapu yathunthu pa tsiku kukatentha. Pampopi pakauma, madzi ake atengedwe pa omwe mukumwa inuwo, osati otsala pochapa. Zoti kalulu samwa madzi chifukwa amawapeza m'masamba ndi bodza limene lapha ambiri.

Dziwiranitu dotolo

Si dotolo wa ziweto aliyense amene adazolowera akalulu. Ambiri ntchito yawo ndi agalu, amphaka ndi ng'ombe. Funsiranitu kalulu ali bwino. Ku bungwe loteteza ziweto la SPCA ya Harare ndi ku sukulu ya madotolo a ziweto ya pa University of Zimbabwe ku Mount Pleasant ndi poyambira pabwino. Funsani mtengo wofula wamwamuna ndi wochotsa chiberekero cha wamkazi, ndiponso za katemera wa matenda otaya magazi a akalulu, aja amati RHD, amene adalowa ku South Africa mu 2022 n'kupha akalulu ochuluka. Chifukwa cha matenda omwewo, kalulu wolowa mozemba kuchokera kutsidya la Limpopo mukaneni ngakhale atakongola bwanji.

Kufula si nkhanza. Wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4, bere limatha masiku pafupifupi 31, ana amabadwa 4 mpaka 12, ndipo tsiku lomwe wabereka akhoza kutenganso lina. Werengani nokha kuti pakutha chaka mudzakhala ndi angati. Akazi osachotsedwa chiberekero ambiri amadwala khansa ya chiberekero akakula, ndipo amuna awiri osafula amamenyana mpaka kung'ambana. Awiri ogwirizana bwino ndi wamwamuna wofula ndi wamkazi wochotsedwa chiberekero. Musanatero alekanitseni pofika masabata 10, ndipo wamwamuna akafulidwa dikirani masabata 6, chifukwa mphamvu yobereketsa simathera tsiku lomwelo. Tsiku la opaleshoni musamumane chakudya. Kalulu sasanza, ndipo njala ndiyo imamuvulaza.

Tsiku lokamutenga

Pitani nokha kumene adabadwira mukaone khola ndi make. Musagule wa m'katoni pamphambano. Akhale wa masabata 8 kapena kuposa. Tiana tokongola tija timagulitsidwa tili ndi masabata 4 kawirikawiri timafa ndi kutsekula m'mimba. Yang'anani maso owala osachucha, mphuno youma, m'makutu mopanda nkhanambo, kumbuyo kosamata ndowe, mano akutsogolo olumana bwino. Onaninso kumkati kwa miyendo yakutsogolo: ubweya ukakhala womatana, ndiye kuti amapukutira mamina. Wina m'kholamo akayetsemula, bwererani chimanjamanja.

Mitundu yofala muno ndi New Zealand White, woyera wa maso ofiira, Californian wa makutu ndi mphuno zakuda, ndi Chinchilla wotuwa. Onsewa amafika makilogalamu 4 kapena 5. Flemish Giant amaposa 6, ndipo khola lake ndi nkhani ina. Wosakanizika wamba alibe vuto lililonse. Kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi ali aang'ono n'kovuta, ogulitsa omwe amaphonya. Wathu amene tidamutcha Mfumu adapezeka kuti ndi Mfumukazi. Dotolo akatsimikize.

Pemphani chakudya cha sabata imodzi cha chimene wakhala akudya, kuti kusintha kuchitike pang'onopang'ono pa masiku 10 kapena 14. Munyamulireni m'katoni yolimba yoboola mabowo, pansi udzu, m'mawa kusanatenthe. Mu kombi katoniyo ikhale pamiyendo panu, osati pansi pafupi ndi injini kapena kubuti.

Sabata yoyamba

Mukafika, tsekulani katoni m'kholamo, ikani madzi ndi udzu, chokanipo. Ana a m'laini monse adzabwera kudzaona. Auzeni abwere sabata yamawa. Masiku awiri oyamba ntchito yanu ndi kuona zinthu ziwiri zokha, ngati akudya ndi ngati akuchita ndowe. Wamng'ono masamba auwisi ayambe akafika masabata 12, mtundu umodzi pa nthawi, katsamba kamodzi, mawa lake muone ndowe.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pansi m'kampanda, tsamba la chisoso m'manja, osamuthamangitsa. Abwera yekha, mwina lero, mwina pakatha masabata awiri. Kumtchire chimene chimanyamula kalulu m'mwamba ndi kabawi, n'chifukwa chake ambiri sakonda kunyamulidwa ngakhale atakuzolowerani. Mwana aphunzire kumusisita pamphumi ali pansi. Ndidauza mdzukulu wanga kuti, "Iwe, ukafuna chonyamula tenga chidole, uyu ndi wokhala naye pansi," ndipo adakwiya tsiku lonse.

Pakafunika kumunyamula, dzanja limodzi pansi pa chifuwa, lina lichirikize matako, mumukumbatire pathupi panu. Makutu si chogwirira, ngakhale tonse tidakula tikuona akunyamulidwa choncho. Miyendo yake yakumbuyo ndi yamphamvu kuposa mafupa a msana wake, ndipo akaphupha ali lende akhoza kudzithyola yekha msana.

Zoyang'ana tsiku ndi tsiku

Nyama yodyedwa ndi zinzake imabisa ululu, choncho kalulu akaoneka kuti akudwala amakhala atadwala kale kwambiri. Mboni yake ndi ndowe. Zabwino ndi timibulu tozungulira, touma, tofanana kukula, tambirimbiri. Tikayamba kuchepa kapena kufota, china chalakwika. Akatha maola 12 osadya kapena osachita ndowe, atakhala chonyonyomala, akukukuta mano mwamphamvu, musadikire mawa, thamangirani kwa dotolo. Mukamuona akudya ndowe zina zofewa zonga kamulu ka mphesa kuchokera kumbuyo kwake, musamuletse. Ndi mmene amapezera mavitamini ena. Mkodzo wofiirira kapena wachikasu kwambiri nthawi zambiri umachokera ku masamba amene wadya.

Nyengo ya mvula muzimuyang'ana kumbuyo m'mawa ndi madzulo. Ntchentche zimaikira mazira pa ubweya wonyowa, ndipo mphutsi zimaswa pasanathe tsiku n'kuyamba kudya mnofu. Ngodya yodzithandizira isesedwe tsiku lililonse, khola lonse litsukidwe kamodzi pa sabata ndi madzi othira viniga. Kalulu mwini wake sasambitsidwa, amadzinyambita yekha. Zikhadabo ziwengedwe pakatha miyezi iwiri iliyonse.

Mankhwala a m'kabati mwanu asamufike. Amoxicillin ndi anzake a penisilini akamwetsedwa amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwake, naye n'kufa. Mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi fipronil, monga Frontline, ndi poizoni kwa kalulu. Dibi wa ng'ombe chimodzimodzi.

Okutobala akafika, muziika mabotolo awiri a madzi mufiriji usiku. Masana limodzi likulungeni m'kansalu muike m'khola, adzagona moliyedzamira. Magetsi akazima, chiguduli chonyowa chopachika mbali imodzi ya khola ndi thailosi yoika pamthunzi zimathandiza. Mukamupeza akupuma mothamanga, pakamwa pali yasa, mulowetseni m'nyumba pozizira, mupukuteni makutu ndi nsalu ya madzi ozizirira, osamumiza m'madzi, wina akuimbira dotolo.

Ndowe zimene mwasesa musataye kudzala. Sizitentha mbewu ngati zitosi za nkhuku, ndiye zingapite m'dimba tsiku lomwelo. Ife timathira m'bedi la kholowa kuseri kwa khola, ndipo theka la kholowayo amadya ndi eni ndowe omwewo.